Mankhwala omwera pa njala

Amuna anga ankanyamula mabelo mu shopu ina ku Limbe. Chotupa chitatuluka pakhosi pawo tinkati ndi chithokomiro wamba, chonga cha azakhali awo, amene anakalamba nacho. Koma ichi chinakula msanga. Mawu anasasa, kolala ya shati inaleka kutsekeka, chakudya chinayamba kuima pammero.

Kuchipatala anati ndi khansa yaukali, ndipo yafika posatheka opaleshoni. Anatipatsa mankhwala a mitundu iwiri oyendera limodzi. Ena ankafuna pozizira, ndiye ndinkawasungitsa mu firiji ya mayi wogulitsa mafirizesi kwathu ku Chilobwe. Adokotala anauza ine, osati odwalawo: "Mayi, awa azimwa m'mimba mulibe kanthu. Akamwa, azidikira kaye asanadye."

Apongozi anabwera kudzadwazika mwana wawo, ndipo ankalawirira kuphika phala. Kwathu munthu samwa mankhwala ndi njala. Inenso ndinakula ndikudziwa choncho. Koma ndinkaima pakhomo la kuchipinda.

"Tadikirani pang'ono, amayi. Angomwa kumene."

"Ndidikire chiyani? Adokotala anuwo anaberekapo?"

Amuna anga ankayankha m'katimo ndi mawu awo otha aja: "Lizizire kaye, amayi. Mukufuna mundiwotchenso pakhosi pomwepa?"

Apongozi sankaseka. Amayi a kumpingo akabwera kudzazonda, ankawaperekeza mpaka kumsewu, n'kumawauza kuti ndikumumana mwana wawo chakudya. Ena analeka kundiyang'ana kumaso. Pakhomo paja sindinachokepo.

Chotupa chinaphwadi. Amuna anga anayambanso kumeza, tsiku lina mpaka anaitanitsa chipisi. Anayenda okha kupita kutchalitchi, shati itatsekeka. Ndinkayembekeza kuti apongozi anenapo kanthu. Anati mapemphero ayankhidwa.

Kenako chotupa chija chinabwerera, cholimba ngati mwala. Adokotala anati mankhwala aja sakugwiranso, tiwasiye. Titafika kunyumba ndinati, "Amayi, tsopano apatseni nthawi ina iliyonse."

Anaphika phala lamadzimadzi, anasefa, anakhala pamphepete pa bedi. Supuni yoyamba inabwerera pakamwa. Anapukuta ndi chitenje chawo, n'kuyesanso. Inabwereranso. Ankayesabe m'mawa uliwonse mpaka tsiku lomwe amuna anga anatisiya.

Pamaliro apongozi anakhala tsidya lina la bokosi. Ndinawamva akuuza abale kuti mwana wawo wapita ndi njala. Sindinawatsutse. Anapitadi asanadye.