Mkodzo wa M'mawa

Chaka chomwe ndinali Fomu 2, nthenda ya maso ofiira inalowa m'chigwa cha Domasi mpunga ukucha. Anthu ankati imakugwira ukayang'anizana ndi wodwala, ndiye panjira tinkalonjerana nkhope zili kumbali ngati munthu ndi apongozi ake. Koma kunyumba tonse tinkasukusula m'beseni limodzi n'kudzipukuta ndi chitenje chimodzi.

Ine inandipeza mayeso a boma atayandikira. Ndinadzuka zikope zitamatana ndi manthongo, m'maso muli ngati wina wathiramo mchenga. Bambo anali atanena kale kuti ndikapanda kukhoza, sukulu yathera pomwepo.

Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti nthendayi imayenda pa manja ndi pa nsalu, ndipo ukamasukusula ndi madzi oyera, osatikita, kawirikawiri imatha yokha. Ndinawafotokozera mayi, anamva. Koma kutacha azakhali anga, alongo awo a bambo, anafika ndi kapu m'manja.

"Gona chagada, mwana wanga. Mkodzo wa m'mawa uwu. Mawa uwerenga."

"Azakhali, aphunzitsi akuti tidikire."

"Aphunzitsi akowo akakulembera mayesowo? Iii, Fomu 2 yomweyi wasanduka dokotala?"

Mayi anazolika. Sakanatsutsana ndi alamu awo pakhomo pomwe anakwatiwa. Inenso ndinkafunitsitsa kuwerenga, choncho ndinagona. Sindinafunse kuti mkodzowo unali wa ndani. Atathira diso lakumanzere ndinaphiriphitha ndi ululu, kapu n'kugwa.

Lakumanja linapola lokha, monga ananenera aphunzitsi. Lakumanzere linatupa osatsekuka, mafinya akutsika pa tsaya. Tinakwera minibasi kupita kuchipatala ku Zomba, ndipo adokotala atalitsekula anapumira m'mwamba.

"Mayi, munathiramo chiyani?"

Mayi anayankha motsitsa mawu. Adokotalawo sanakalipe, anangopukusa mutu n'kundigoneka.

Anzanga analemba mayeso ine ndili pa bedi. Ndinatuluka diso litayera ngati mkaka, losaona ngakhale dzuwa. Azakhali anabwera kudzandizonda ndi nthochi, akulira, akuti nthenda ya chaka chimenecho inali yoopsa.

Ndinapempha bambo kuti ndibwereze kalasi, poti diso limodzi limawerenga ndithu.

"Tiona chaka chamawa," anatero.

Mvula itagwa anandipatsa ndime yanga m'dimba la mpunga. Chaka chinacho ndinapemphanso, ndipo anayankha chimodzimodzi.