Amene Ankasewera m'Dzina la Yusufu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasiyitsa sukulu mwana wa eni ake. Ndinachita zimenezi ndi chala chimodzi, nditaima pamseu dzuwa likuswa mtengo, ndipo tsikulo ndinadziona ngati ngwazi. Manyazi ake ndikuwamvabe mpaka lero.

Tinafika ku Mangochi kuchokera ku Dedza bambo atawasamutsa pa ntchito yawo ya ukalaliki. Ine mwana wa kozizira, thukuta linkangokhala kamukamu, Chiyao sindinkamva ngakhale moni, ndipo anzanga a mu Fomu 1 sanachedwe kundipatsa dzina loti Kachewere, ati poti kwathu timangodziwa mbatata. Chimene chinandipezetsa anzanga ndi foni yakale ya bambo, yosweka galasi pakona. Mmenemo munali mpira uja wosewera ndi zala, woti iwe uli kwanu mnzako ali kwawo, bola nonse mukhale ndi bandulo. Pa mpira umenewu ndiye ndinali dolo, musandione chonchi.

Tinali ndi gulupu yathu ya anyamata, ambiri a m'tauni momwemo, ena a ku Malindi, ena mpaka ku Chembe. Adimini anali a Saidi, achimwene ena ometa tsitsi pafupi ndi msika. Mwezi uliwonse ankatikonzera ligi. Wopambana ankametedwa ulere, ndipo chithunzi chake chinkakhala pamwamba pa gulupu mpaka ligi ina. Mukhoza kuseka, koma ife chithunzi chimenecho tinkachifera.

Malamulo a gulupu anali ochepa. Osatukwana mayi wa mnzako. Osathawa masewera zikakuvuta n'kumanamizira netiweki. Aliyense azisewera yekha m'dzina lake. Koma panali lina limene a Saidi ankalibwereza mpaka kutitopetsa: ukakayikira mnzako kuti akubera, usalembe pagulu. Uwalembere iwo paokha kapena upite ku shopu, afufuze okha. Ine ndinkati limenelo ndi lamulo loteteza akuba, ndipo ndinkanena mokweza.

M'kalasi mwathu munali Yusufu, mnyamata wofatsa, wamanja olemera pa foni. Ndinkamuchinya ndikudya chinangwa ndi dzanja linalo. Iye ndi mlongo wake Patuma, wa Sitandade 8, ankakhala kwa amalume awo a Che Jafali, ogulitsa maukonde ndi zingwe kwa asodzi. Mayi awo anali ku Nkope, ndipo anawo anawatumiza m'tauni chifukwa cha sukulu. Aliyense m'dera lathu ankadziwa lamulo la pakhomo paja: mtsikana sagwira foni, saima ndi mnyamata pampanda. Akadzangolakwitsa, abwerera ku Nkope tsiku lomwelo, mayeso kaya ayandikira kaya ayi. A Che Jafali sanali munthu wolankhula kawiri.

Ndiye mwadzidzidzi Yusufu anayamba kuvuta. Osati masiku onse ayi. Lolemba, Lachitatu, anali Yusufu yemwe uja womwa zigoli. Koma masewera akuluakulu ankawaika Lachisanu masana, tikaweruka msanga, ndipo Lachisanu munthu ankasanduka chilombo. Ngakhale kalembedwe kake pa gulupu kankasintha. Wofatsa uja ankayamba chipongwe chokoma, choti wochinyidwa nayenso aseke. Ndinaziona izi, zinandidya mumtima, koma umboni ndinalibe.

Mwezi umenewo ndinakumana naye mu semifainolo, masewera awiri. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kwathu, m'mbali mwa mseu wopita ku mzikiti. Mayo ine, sindinachinyidwepo chotero! Mpira sindinkaugwira n'komwe. Chigoli chachitatu chitalowa ndinadzutsa mutu kuti ndipukute thukuta, ndipo maso anga anagwera pa anthu awiri akudutsa pamseu. Kutsogolo a Che Jafali. Pambuyo pawo Yusufu, atavala mkanjo woyera ndi chisoti, manja ali lendelende opanda kanthu. Ndinayang'ananso pa foni. Wosewera wake anali akudyetsa njomba anyamata anga, n'kuponya chachinayi.

Masewera oyamba atangotha ndinathamangira ku mzikiti. Ndinawapeza pampopi akutawaza, kusamba m'manja, kumaso ndi mapazi kuja asanalowe kukaswali. Ndinaima kuseri kwa mpanda n'kujambula. Nthawi yomweyo foni inanjenjemera, uthenga wochokera ku nambala ya Yusufu: "Kachewere, wapsa kale? Tiye tiyambe achiwiri." Mwini nambala ali potero, phazi lili pansi pa mpopi! Ndinajambulanso uthengawo, nthawi yake ikuoneka bwinobwino.

Ndisaname kuti lamulo lija ndinaliiwala. Ndinalikumbukira. Ndinawaonanso a Saidi akuvula mapatapata pakhomo la mzikiti n'kuzimitsa foni, ndipo ndinadziwa kuti mpaka mapemphero atatha palibe amene afufute chimene ndilembe. Chimenecho sichinandiletse, chinandipatsa mphamvu. Ndinaponya zithunzi ziwirizo pa gulupu, pansi pake n'kulemba kuti: "Onani katswiri wanu. Iye ali ku mzikiti, foni ikugoletsa yokha kunyumba. Wakuba iwe, ukukapempha chiyani mmenemo?"

Amene sanali ku mzikiti anabwera ngati ntchentche. Kuseka, kutukwana, kundiyamikira. Kenako wina wa ku Malindi anafunsa kuti nanga akusewerayo ndani. Wina woyandikana ndi a Che Jafali anayankha kuti Lachisanu masana pakhomo paja pamatsala munthu mmodzi yekha, wophika ndi kuyang'anira nyumba. Patuma.

Apa mphepo inatembenuka. "Kachewere wamwetsedwa zinayi ndi mtsikana!" Onse aja ankandiyamikira anayamba kundiseka ine. Makutu ananditentha. Ndipo pofuna kuchotsa maso a anthu pa ine, ndinachita chinthu chimene chimandiwawa kuposa chithunzi chija. Ndinakwera m'mwamba mwa gulupu, ndinatolera mauthenga onse a ma Lachisanu apitawo, nthabwala zija ankaseka nazo anyamata, n'kuwaponyanso limodzilimodzi. Ndinalemba kuti, "Ndiye kuti mwana wa ku mpanda kuja wakhala akucheza nafe nthawi yonseyi." Zinatheka. Anandiiwala ine. Anayamba kumutchula Yusufu kuti mlamu, wina kupempha kuti Patuma atumize chithunzi, wina kulonjeza kuti madzulo adutsa pampanda. Zina sindingazilembe munyuzi.

Mmene anthu ankatuluka mu mzikiti, chithunzi chinali chitalumpha kale kupita m'magulupu ena. Ndipo mmenemo simunali Yusufu yekha. Pambali pake panali a Che Jafali, munthu wolemekezeka, atakwinya mkanjo mpaka m'mawondo, mawu anga achipongwe aja ali pansi pawo. Mnyamata wogwira ntchito mu shopu yawo ndiye anawaonetsa, pamodzi ndi mauthenga onse aja.

A Saidi atayatsa foni anafufuta zimene akanatha, anandichotsa pa gulupu, n'kunditumizira mawu kuti ndipite ku shopu. Ndinapita chifuwa chili patsogolo, mlandu wanga nditaukonza kale m'mutu. Ndinawapeza akusesa tsitsi pansi. Sanandikalipire.

"Iwe Lonjezo," anatero, kunditchula dzina langa lenileni, "unkaganiza kuti sindikudziwa? Yusufu anabwera yekha kudzandiuza sabata yatha. Mlongo wake anangoyesa tsiku lina foni itatsala pawindo, basi n'kupezeka kuti ali ndi dzanja. Ndinamuuza kuti Lachisanu lino likhale lomaliza. Ukanabwera kuno, Yusufu ndikanamuchotsa mu ligi mwakachetechete, iwe n'kulowa fainolo. Ukanataya chiyani?"

"Koma achimwene, ndanama ine?" ndinatero. "Lamulo lanu lomwe likuti aliyense azisewera yekha."

"Sunaname," anayankha, akutola tsitsi ndi kachipepala. "Ukananama ndikanangolemba kuti ndi bodza, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga izi ndizitsutsa bwanji? Iwe unaona Yusufu yekha. Kumbuyo kwa nambala kumakhala nyumba yonse, mphwanga, ndipo za m'nyumbamo iwe suzidziwa. Pita kwanu."

Lamulungu m'mawa amayi anandituma ku msika. Podutsa pa depoti ndinawaona. Yusufu atanyamula chikwama, diso limodzi lotupa chifukwa cholira, Patuma atafunda mpango wobiriwira, mabuku ake atawamanga ndi chingwe cha ukonde. Ndinafuna kukhota, koma anali atandiona kale. Yusufu anayang'ana kumbali. Patuma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna atsimikize kuti Kachewere wake ndi ameneyu. Ndinayembekezera kutukwanidwa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Koma iye anangoti, ndi Chichewa chake chokoka Chiyao, "Goloboyi wako umamutulutsa msanga." Kondakitala anakuwa za Nkope ndi Monkey Bay, iye n'kukwera. Pepani amene ndinali naye pakamwa sanatuluke.

Amayi anga ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale imene Patuma ankapitako, ndipo Sitandade 8 inali kalasi yawo. Za magulupu a pa foni sankazidziwa, yawo inali ya mabatani. Patapita masiku mpando wa mtsikanayo uli wopanda munthu, anavala chitenje chawo chabwino n'kunena kuti, "Lonje, paja mchimwene wake uli naye kalasi imodzi. Tiye undiperekeze kwa amalume akewo." Ndikanakana ndi chifukwa chanji?

A Che Jafali anatilandira pakhonde, anatiyalira mkeka, akazi awo anabweretsa tiyi wa mkaka wonunkhira tsabola wa tiyi uja, ndi zitumbuwa. Amayi anayamba mwaulemu. Anati pa zaka zonse zimene agwira choko sanaonepo mutu wa masamu ngati wa mwana uja. Anati mayeso ali pafupi, ndipo iwo akhoza kulumbira kuti asankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Anapempha kuti ngati vuto ndi malo, amutenge akhale kwathu mpaka alembe.

"Aphunzitsi, mwalankhula ngati mayi," anatero a Che Jafali. "Koma mwana uja mlongo wanga anandipatsa ali ndi dzina labwino. Lero anyamata akuimba malikhweru pampanda panga, dzina lake lili m'matumba mwa anthu tauni yonse. Ndamubweza kwa mayi ake chisanachitike china chimene sindingathe kubweza."

"Nanga chinayambitsa n'chiyani?" amayi anafunsa. "Ndani wamuika mwana m'kamwa mwa anthu chonchi? Ngati ndi mwana wa sukulu mundiuze, ndikaonane ndi makolo ake."

Kapu inali m'manja mwanga. A Che Jafali anatembenuka n'kundiyang'ana. Ankandidziwa bwinobwino, dzina langa linali pamwamba pa chithunzi chija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa nyerere imene inkakoka kanyenyeswa ka chitumbuwa pamkeka. Kenako anatenga ketulo n'kundiwonjezera tiyi.

"Ndi zibwana za ana, aphunzitsi," anatero. "Zisiyeni."

Pobwerera amayi ankalira chamumtima, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinkayenda pambuyo pawo ngati mbuzi yogulidwa.

Patuma sanalembe mayeso chaka chimenecho. Anati adzalemba chaka chinacho konko ku Nkope, koma mayi ake ankadwaladwala, usipa wa pathandala unkafuna woyanika, ndipo chaka chinacho chinadutsa. Yusufu sanandilankhulenso mpaka bambo anawasamutsira kwina. Zimene ndinamva pambuyo pake, kudzera kwa a Saidi, n'zoti anakwatiwa komweko ndipo ali ndi ana.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi mawu amodzi: sindinaname. Anaberadi, lamulo analiphwanyadi. Ndinkawonjezera kuti wolakwa ndi amalume ake ouma mtima, kapena anyamata aja a pakamwa ponyansa. Koma ndakula tsopano, nanenso ndakhalapo adimini wa magulupu a ku ntchito ndi a ku tchalitchi, ndipo ndaona mmene munthu amalembera akafuna kuti cholakwika chikonzedwe, ndi mmene amalembera akafuna anthu omuombera m'manja. Wofuna kukonza amapita kwa munthu mmodzi amene angakonze. Ine khomo la a Saidi ndinkalidziwa, linali pafupi kuposa mzikiti. Sindinkafuna chilungamo ayi. Ndinkafuna kuti zigoli zinayi zija zimuwawe wina kuposa mmene zinandiwawira ine, ndipo amene zinamugwera ndi amene analibe pothawira.

Amayi anapuma ntchito, ali kwathu ku Dedza. Chaka chilichonse zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka pa wailesi, amamutchulabe. Amati, "Kamtsikana kanga ka ku Mangochi kaja, bwenzi pano kali dokotala. Kaya anali mwana wa yani amene anakachita zija." Ine ndimayankha kuti kaya, n'kusintha nkhani. Nyuzi ino amaiwerenga, atavala magalasi awo pakhonde, tsamba ndi tsamba.

Amayi, mwana amene a Che Jafali anakana kumutchula uja anakhala pambali panu pamkeka, akumwa tiyi wawo.