Nthuli ya nkhumba pa ubatizo wa mwana wanga

Bambo anga anali Msilamu, telala wa pakhonde pafupi ndi Msika wa Lundazi. Ine ndinakwatiwa ku Kapichila m'zaka za m'ma 1990, kubanja la Akhristu okhaokha. Ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa, nyimbo ndinkaimba kuposa eni ake. Koma thupi silimva ubatizo msanga. Mwezi wa Ramazani ukafika ndinkanamizira m'mimba kuti ndisadye masana, ndipo nkhumba ndinkaizemba ngati minga m'njira.

Apongozi anga aakazi anali ndi maso. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa chigafa cha fodya ndikusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi dzuwa lili paliwombo, ndondomeko yake yomwe ija ya kwathu tikafuna kupemphera. Sanafunse kanthu. Anangoloza mwana amene ndinamugoneka pachitenje, n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Mwana uyu ngwithu. Tikalowola."

Ndinamva bwinobwino: mwanayu ndi wathu, tinalowola. Kumeneko ng'ombe zikapita, mkazi akhoza kubwerera kwawo, koma mwana amatsala. Kuyambira tsikulo ndinkachita mantha ngakhale kuyetsemula.

Lamulungu limene mwana anabatizidwa anapha nkhumba, chonsecho mbuzi zinali tho m'khola. Ndinadziwa kuti imeneyo aphera ine. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akulu a mpingo pamipando, azimayi pamphasa. Apongozi anabwera okha ndi mbale, n'kuiika pamiyendo panga. Munali nthuli imodzi yamafuta, ubweya wina ukuonekabe pachikopa.

"Idyani, amake mwana. Lelo ni tsiku lanu."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anapeza chochita ndi chingwe cha nsapato. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

 Mwana anali kumsana, mpweya wake ukundifunditsa pakhosi. Ndinati mumtima, idya iwe, ukafere kutsogolo. Ndinatola nthuliyo. Ndiye pakamwa panga, popanda kundifunsa, panatuluka mawu amene ndinkanena ndisanadye chilichonse chiyambire ubwana wanga.

"Bisimila."

Sindinanong'one ayi. Anamva onse, ndipo ngakhale supuni zinaleka kulira. Ndinagwira mfundo ya mbereko ndi dzanja linalo, ndikuganiza kuti amasula mwanayo pomwepo.

"Wayowoya vichi?" anafunsa mkulu wa mpingo wina, kufuna kudziwa chimene ndanena.

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya anaona chiyani, sindidziwa. Mwina misozi, mwina dzanja lija pambereko.

"Walomba," anatero. "Wapemphela. Kodi imwe simupemphela pakudya?"

Koma mbale sanachotse. Anaima pomwepo mpaka ndinatafuna ndi kumeza, dzina la Mulungu wa bambo anga lili pamwamba pa nyama imene bambowo sanaikhudzepo moyo wawo wonse. Nditameza, apongozi anatola mbale n'kupita kukagawira ena.

Mwana sanandilande. Anakulira pamsana panga.

Patapita milungu iwiri ndinapita naye ku boma ku Lundazi kuti bambo anga akamuone. Bambo anaimitsa makina, anamunyamula, n'kumunong'oneza pemphero m'khutu. Kenaka anathira tiyi m'kapu yawo yachitsulo, imene tinkamwera limodzi ndili mwana, n'kundipatsa.

"Akusunga bwino kumeneko, mwana wanga?"

Ndinati eya, akundisunga bwino. Kapuyo ndinaigwira mpaka tiyi anazizira. Sindinathe kuiika pakamwa panga, pamene panadutsa nthuli ija.