Chithunzi cha Muzalema

Mu foni ya Georgina Sakala munali zithunzi za galu wake zosawerengeka, koma panalibe ndi chimodzi chomwe choti munthu n'kuloza kuti uyu ndi galu. Pena mchira wokha, pena khutu ndi fumbi, pena chinthu chofiirira chikutuluka m'mphepete mwa chithunzi. Galuyo sankadziwa kukhala pansi, mwini wakenso chimodzimodzi. Anthu a mu Wusakile, komboni ya mu Kitwe, ankati awiriwa anapezana.

Georgina anabadwira momwemo, kwa makolo ochokera ku Katete, ndipo anakulira m'phokoso la mgodi. Anakwatiwa ndi Frederick, wogwira ntchito pansi pa mgodi, nabereka mwana mmodzi, Tionge, amene tsopano amagulitsa m'sitolo ya mankhwala ku Ndola. Iye ntchito yake inali ya salaula: kugula belo la zovala zakale, kuchapa, kusita, n'kumayenda nazo khomo ndi khomo mpaka ku Nkana East. Zokhala pamsika anaziyesa, zinamukana. Ngakhale ku Misa ankakhala kumapeto kwa benchi, mwendo umodzi uli kale m'kanjira.

Frederick atamwalira ndi chifuwa, mawu anamupeza Georgina anthu asanabalalike n'komwe pamaliro. Akuti Philomena, telala wa nyumba ya kuseri kwa mpanda, wanena kuti mkazi woyendayenda sangadwazike mwamuna. Kaya ananenadi, kaya anangomuikira m'kamwa, Georgina sanafunse. Si munthu wofunsa. Anangosiya kupereka moni, ndipo kasitomala wina wa ku Nkana East atamupatsa kagalu, anakatcha Muzalema, kutanthauza kuti mudzatopa nokha kundinena. Kwawo ku Katete ndi mmene amachitira: dzina amapatsa galu, koma womva ndi munthu. Madzulo alionse ankaima pafupi ndi mpandawo n'kukuwa dzinalo ndi mawu onse, ngakhale galu ali pamapazi pake pomwepo.

Koma galu sadziwa kuti ndi chipongwe. Muzalema anakula akugwedeza mchira, ndipo Georgina anayamba kumukonda zenizeni, mosabisa. Galuyo ankamuperekeza m'mawa mpaka pokwerera minibasi, madzulo n'kumupeza pomwepo akudikira. Anatafuna nsapato imodzi ya peyala yokongola kuposa zonse za m'belo, Georgina n'kumukalipira sabata yonse uku akumupatsa mitu ya nsomba. Lachisanu Loyera lina anatsatira gulu la Njira ya Mtanda, ndipo anthu akagwada iye ankawanyambita m'makutu mmodzimmodzi. Nkhani zimenezi Georgina ankazifotokozera aliyense wogula siketi, afune asafune. Kumene galuyo ankaswera masana mwini atachoka, sanaganizepo zofufuza.

Zaka zinapita, pakamwa pa Muzalema panachita imvi, miyendo yakumbuyo inayamba kulemera. Tsiku lina Georgina anatsika minibasi osamupeza. Kunyumba kunalibe. Anaitana pampanda, ulendo uno akuitanadi galu, koma kunali zii.

Mtima wake unakwera m'mwamba ndipo sunatsikenso. M'mawa anaimbira Tionge. Mwanayo anati atumize chithunzi chabwino, iye achiike m'magulu a pa foni a ku Kitwe, wina akhoza kumuona. Georgina anakhala pakhonde n'kuyamba kusankha, chala chikuthamanga. Anatumiza cha mchira. Tionge anaseka, kenaka atamva mpweya wa mayi ake anasiya kuseka, n'kupempha china. Chinacho chinali cha khutu. Apa m'pamene Georgina anaona kuti zaka zonsezi ankajambula akuyenda, galu nayenso akuyenda, ndipo nkhope ya Muzalema analibe paliponse kupatula m'mutu mwake.

Anayenda nacho chomwecho cha mchiracho. Zovala zinatsala m'thumba zosasita. Anazungulira Wusakile yense, anafunsa alonda a m'mageti a ku Nkana East, anakwera minibasi mpaka ku komboni ya Kwacha chifukwa wina anati kumeneko kuli anyamata ogulitsa agalu akuba. Wogulitsa nyama wina anayang'ana foniyo nthawi yaitali, n'kufunsa m'Chibemba ngati akufuna galu kapena chokolopera. Likanakhala tsiku lina, Georgina akanamuyankha zoti akazikumbukire mpaka Khirisimasi, koma anangolanda foni yake n'kupitirira. Chakudya sichinkatsika. Akafika kunyumba ankakhala pang'ono, n'kudzambatukanso, poganiza kuti mwina wasiya kanjira kena.

Masana ena akutseka chitseko kuti anyamukenso, anamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Amake Tionge."

Anaima. Mawuwo ankawadziwa bwino, koma anali asanamuitanepo chiyambire maliro aja.

"Ngenani, mukwai," anatero Philomena mwaulemu, kumuuza kuti alowe. "Musayendenso."

Georgina anazungulira n'kulowa pageti limene ankalidutsa tsiku ndi tsiku nkhope itayang'ana kwina. Philomena anali atakalamba kuposa mmene ankaonekera chapatali. Sanamupatse mpando. Anamutsogolera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa gwafa, pamene panali dothi lofukulidwa kumene, atasanjikapo njerwa kuti agalu ena asakumbe. Anati Muzalema anabwera tsiku lija monga mwa masiku onse, anagona pakhonde, ndipo nthawi yoti akalandire mwini wake itakwana sanadzuke. Anamukwirira yekha ndi khasu.

"Nenze kuyopa," anatero Philomena. "Nati muzakamba kuti ndine namupasa poizoni."

Ndipo n'zimenedi zinali pakamwa pa Georgina. Mkwiyo unamugwira. Iye kuyenda mpaka mapazi kutupa, kusekedwa ndi ogulitsa nyama, galu wake ali pansi apa, kuseri kwa mpanda wake womwe! Mawu anali atawakonza kale, okwanira kuti msewu wonse utuluke. Philomena anamuona, sanadziteteze. Anapisa m'thumba la epuloni, natulutsa foni yong'aluka galasi n'kumupatsira.

Muzalema anali mmenemo, wathunthu. Atagona pathumba pafupi ndi makina osokera, maso ali gwa kwa wojambula. China atatsamiritsa mutu paphazi la Philomena, phazi lili mu patapata. China atavekedwa kansalu kotsala ka chitenje m'khosi, akuoneka wonyada ngati mkwati. Georgina anapitiriza kubwerera m'mbuyo, imvi za pakamwa zikuchepa, galu akucheperachepera, mpaka anafika pa kagalu ka makutu aakulu kakugona m'dengu la zidutswa za nsalu. Zaka zonse zinali mmenemo. Nsanje inamuluma kwambiri, chifukwa kwa iye galuyu sanagonepo chonchi. Koma ankadziwanso kuti munthu wojambula galu motere sangamuthirire mankhwala, ndipo mawu aja anamuthera.

Philomena anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Anati phokoso la makina ndi limene linkamugoneka, makina akaima ankatsegula diso limodzi ngati kapitawo. Ankaopa bingu, mvula ikayamba ankalowa pansi pa tebulo n'kukana kutuluka. Georgina anati za bingu akuzidziwa, kwake ankalowa pansi pa bedi n'kutulukamo ndi nsapato. Anaseka onse pang'ono, kuseka kwa anthu oti misozi ili pafupi.

Kenaka Georgina anafunsa chimene chinkamuvuta.

"Nanga munali kumuitana bwanji?"

"Zina yake yamene munamupasa. Ina sanali kuimvela."

Georgina anayang'ana pansi. Anamuona m'maganizo mayi ameneyu, masana alionse, mbale ya makombo ili m'manja, akutchula yekha ndi pakamwa pake mawu amene anapangidwira kumubaya. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Anafuna kufunsa za mawu a pamaliro aja, ngati anawanenadi, koma anaona kuti yankho lililonse silimuthandiza kanthu tsopano. Anakweza foniyo, naloza chithunzi cha mutu paphazi, n'kupempha ndi mawu otsika kuti amutumizire chimenecho, Tionge achione.

Philomena anavomera. Anatenga foni yake, anaipukuta pa epuloni, anafufuza pang'ono, kenaka anaima. Nambala ya Georgina analibe. Anakweza maso n'kudikira.

Georgina anayamba kuitchula m'Chingerezi, mofulumira monga amachitira ndi makasitomala. Zala za Philomena zinasochera panjira, ndipo anapempha kuti abwereze. Georgina anasendera pafupi kuti azionera limodzi pagalasi long'alukalo, n'kuyambiranso pa ziro, pang'onopang'ono.