Phala Limene Silinafike

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene manachesi athu anaolera m'mbali mwa msewu osagulidwa. Mng'ono wanga Lameki anali atakhalako kale zaka zinayi, akugwira ntchito ya m'gadeni. Anandiimbira foni kuti malo apezeka. Ndinagulitsa mbuzi zitatu, ndinatsanzika amayi, n'kukwera basi pa boda.

Nditangofika, Lameki anandipatsa lamulo limodzi. "Achimwene, kuno musamafunse njira. Mukangotsegula pakamwa adziwa kuti ndinu obwera. Muziyenda ngati mukudziwa kumene mukupita." Ankatsokomola poyankhula. Ndinaona kuti lamba wake anali atamuboola mabowo awiri atsopano.

Pasanathe masabata atatu anamugoneka m'chipatala. A Banda a ku Neno, amene tinkagona nawo chipinda chimodzi, anandiperekeza Lachisanu kukamuona. Kwathu kwa Kanduku njira timaidziwira zimene zili m'mbali mwake: pa mtengo wa mbawa, pa chulu, pamene amayi uje amagulitsira tomato. Choncho mayina a misewu sindinawerenge, ngakhale sukulu ndinafika nayo fomu 4. Ndinangosunga m'mutu kuti ndikatsika takisi ndiyende mpaka pa mayi wowotcha chimanga pansi pa ambulera yabuluu, kenako ndikhotere kumanja.

Tsiku limenelo Lameki anakana chakudya cha m'chipatala. "Mudzandiphikire phala la mgaiwa, lothira nsinjiro," anatero. "Ngati la amayi."

Lamlungu a Banda anali ku ntchito yawo ya ulonda, foni atazimitsa. Ndinaphika phala, ndinaliika m'kontena, n'kunyamuka ndekha. Takisi ndinatsika pamalo oyenera. Mayi wa chimanga uja panalibe. Sindinadziwe kuti Lamlungu sagulitsa. Ndinapitirira, poganiza kuti mwina ali pa mphambano yakutsogolo. Nyumba zazitali zonsezo zinkangofanana. Anthu ankandidutsa ambirimbiri. Bambo wina wachikulire anandiyang'ana kawiri ngati akufuna kundithandiza; ine ndinayang'ana kumbali. Ndinayenda ngati ndikudziwa kumene ndikupita, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Phala linazizirira m'manja.

A Banda atayatsa foni anandiuza kuti ndiwawerengere chikwangwani cha msewu umene ndinaimapo. Chipatala chinali misewu iwiri yokha kumbuyo kwanga. Nthawi yoona odwala inali itatha. Lameki anamwalira Lolemba m'mamawa.

Amalawi anzathu anasonkha ndalama, thupi linapita kumudzi. Ine ndinatsala, n'kulowa pa ntchito yake. Pa foni ndinauza amayi kuti ndinali naye pafupi mpaka kumapeto, ndipo phala anadya. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Misewu ya ku Joni ndinaiphunzira ndi mayina ake. Woti ndingakamuchezere m'misewu imeneyo ndinalibe.

Ndinabwerera chaka chatha, msana utakana ntchito. Wa njinga yamoto ananditsitsa pamsewu wafumbi, ndipo ndinafunafuna mtengo wa mbawa uja, pamene njira yathu imapatukira. Anaudula kalekale, anawotcha makala. Njira zinalipo zitatu, nyumba zonse zachilendo. Ndinaima kwa nthawi ndithu ndi chikwama changa. Kenako ndinafunsa mayi wina amene ankachokera ku mjigo. Sanachite kundilozera. Anatula ndowa yake pansi, n'kundiperekeza mpaka pakhomo pa amayi. Njira yonseyo ndinkangoganiza za bambo wachikulire uja.

Amayi saonanso bwino masiku ano. M'mawa mwake anakakamira kuphika okha phala la nsinjiro.

"Idya, mwanawe," anatero. "Mng'ono wako naye anapita atadya lomweli. Ndi chokhacho chimene chimanditonthoza."

Ndinadya lonse. Mpaka lero sindinawauze.