Nyumba ya pa Migolo ya a Laurenti

Kumtunda kwa Zingwangwa, kumene msewu umathera n'kuyamba miyala ya phiri la Soche, kumakhala a Laurenti Namakhwa, kalipentala wa mabokosi a maliro. Akhala akupala matabwa zaka makumi atatu. Anthu amawapatsa ulemu wa patalipatali: moni amapereka ndithu, koma wopita kukacheza kushedi kwawo simungamuone.

Akazi awo, mayi Emily, chipupa chinawagwera m'chiuno nthawi ya namondwe Freddy. Anapulumuka, koma miyendo inafa. Chiyambire pamenepo, mitambo ikangoda kuphiri mayiwo amayamba kunjenjemera. A Laurenti nawo ndi munthu wochepa thupi, msana unatha kalekale ndi kuwerama. Madzi atabweranso, akazi awo angathawe nawo bwanji? Kosamukira kunalibe, poti kwawo ku Phalombe nakonso kunakokoloka.

Ndiye anaganiza zomanga nyumba yoyandama. Munthu woti bwato analionapo kamodzi kokha, ali m'basi pa mlatho wa ku Liwonde! Anakatenga migolo isanu ndi itatu ku Chirimba, n'kuimanga iwiriiwiri ndi waya pabwalo pawo. Pamwamba anayala matabwa a paini, m'mipata n'kuthiramo phula. Kenako zipupa, kawindo, malata anayi. Maganizo awo anali akuti mvula ikamayandikira, anansi awathandize kunyamula mayiwo, akakhale m'menemo mpaka dzinja lithe.

Odutsa ankawaseka. "Bambo Namakhwa, tsiku lopita ku Limbe mudzatitengeko, maminibasi adula!" Iwo ankangomwetulira, misomali ili pakamwa.

Chinawapweteketsa ndi chizolowezi. Tsiku lina masana anafuna kukhoma bedi la m'nyumba yoyandamayo. Atalowa m'nyumba anapeza mayi ali m'tulo, atagona chagada. Posafuna kuwadzutsa, anatambasula tepi n'kuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako m'mapewa, monga manja awo anazolowera. Mayi anatsegula maso tepi ili pachifuwa. Pakhomo panali pataima mayi Fatimah oyandikana nawo, atanyamula mbale ya futali.

"Abambo," anatero mayi Emily, "mukundiyeza ndili moyo?"

"Ayi amayi, ndi za bedi izi."

"Bedi amayeza m'mapewa?"

A Laurenti anapinda tepi yawo n'kutuluka. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pa kiyosiki ya madzi. Anthu anabwera kudzaionanso nyumba ija, ndipo tsopano anaona zimene poyamba sankaziona: inali yotambalala chakumutu, yopapatiza chakumiyendo, ngati bokosi la maliro. Eni ake ataima patali n'kuiyang'anitsitsa, mtima unawasweka, chifukwa zinali zoona.

Anayesa zonse. Anaipaka penti yobiriwira, anaika katani pawindo, anakhomerapo kakhonde. Anapita kwa abambo oyandikana nawo mmodzimmodzi, chipewa chili m'manja. Yankho linali limodzi: "Pepani akulu, amenewo ndi malaulo. Amuna anayi kunyamula munthu wamoyo kupita naye m'bokosi? Ife ayi."

Mayi Emily nawo anakanitsitsa. "Ndikadzafa mudzandiikemo. Panopa ndisiyeni."

Mvula yoyamba inabwera mu Novembala, cha m'ma thuu koloko masana. Inayamba ndi mphepo, kenako inakhuthuka ngati wina wagubuduza ndowa. Posakhalitsa madzi ofiira anayamba kutsika m'kanjira, atatenga majumbo ndi timiyala, mpaka analowa pansi pa chitseko. Mayi Emily anagwira dzanja la amuna awo.

"Abambo, ndalola. Ndinyamuleni, ndikalowe."

Kuchokera pabedi kukafika pa migolo panali mapazi khumi okha. A Laurenti anaima pakhomo n'kukuwa mayina a anansi onse, koma malata ankalira m'nyumba iliyonse ndipo palibe amene anamva. Anabwerera, n'kulowetsa mkono umodzi kukhosi kwa akazi awo, wina m'mawondo. Anakunga mphamvu. Mayi ananyamuka pang'ono, msana wa a Laurenti unakana, onse awiri n'kugwera pamatiresi. Anayesanso kachiwiri, kachitatu.

"Basi, muthyoka," anatero mayiwo. "Kwezani miyendo yanu, madzi akuzizira."

A Laurenti anakweza miyendo pabedi, n'kukhala pambali pa akazi awo.