Filimu imene ndinamiramo kangapo

Amene anabwera ndi nkhaniyi anali mnzanga wa ku Zambia, yemwe tinkagwira naye ntchito ku weyahausi ina yosungiramo katundu kunja kwa Leicester. Anati opanga mafilimu akufuna anthu wamba, amisinkhu yonse, kwa tsiku limodzi basi. Anandilembetsa pa foni yake tili pa buleki. Iyeyo ankakonda mafilimu kwambiri. Ine ndinavomera chifukwa Lachiwiri limenelo ndinalibe shifiti.

Tinakwera basi ku Braunstone, kenaka sitima mpaka kufupi ndi Nottingham. Malo ake anali weyahausi yofanana ndi yathu, kungoti munalibe katundu. Mnzangayo anali atameta bwino, atavala jekete yatsopano. Titangofika a filimuwo anatiuza tonse kuti tivule majekete, n'kutipatsa zovala zotuwa, zothina, zokhala ndi timadontho toyera. Kukula kwa mimba yanga ndinakudziwa tsiku limenelo.

Tinkalowa mmodzimmodzi pakati pa makamera ambirimbiri oikidwa mozungulira ngati khola. Mtsikana wina ankatiuza zochita: imani, tambasulani manja, yendani, thamangani, yang'anani kumwamba ngati mwaona chinthu choopsa, igwani pamatiresi. Nditafunsa kuti choopsacho n'chiyani, anati sanachipangebe. Ndinagwa kangapo. Mnzanga ankagwa bwino kuposa ine, ndi kukuwa komwe, mpaka anamupempha kuti achepetseko. Masana anatipatsa masangweji ndi tiyi, tinasaina mapepala, n'kubwerera kwathu.

Panapita zaka ziwiri, ine n'kuiwalako. Lamulungu lina mwana wathu wamkazi, amene anali ku yunivesite, anabwera n'kutiuza, m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti filimu ija inatuluka kale ndipo yasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho zikuluzikulu za chaka, mbali ya zithunzi zopanga pa kompyuta. Tinaiika pa TV titaweruka kutchalitchi. Inali ya madzi a m'nyanja yamchere amene anasefukira n'kumeza mzinda wonse.

Ola loyamba linatha ine osaoneka. Madzi atafika, akazi anga anatenga rimoti n'kuimitsa filimu. Analoza kamunthu kena pamlatho, kakang'ono ngati nyemba, kovala suti. Anati ndi ine, chifukwa palibe wina amayenda phewa lakumanzere litatsika chotero. Nditayandikira ndinaona kuti ndinedi. Atayendetsanso filimu, mlatho unagwa ine ndili pomwepo.

Posakhalitsa anandipezanso pa siteji ya basi nditavala yunifomu, kenaka pawindo la ofesi, kenaka padenga la sitolo ndili ndi tsitsi lambiri limene ndinasiyana nalo kalekale. Mwana anafotokoza kuti opanga mafilimu amatenga munthu mmodzi n'kumuchulukitsa, akumusintha zovala, kuti gulu lioneke lalikulu. Monsemo madzi ankandipeza.

Kachisanu ndinkathamanga mumsewu nditagwirana manja ndi mzimayi wina wa diresi lofiira.

Akazi anga anaimitsa filimu n'kuloza mzimayiyo.

"Ameneyu ndi ndani?"

Ndinati sindikumudziwa, tsiku lija tinkalowa mmodzimmodzi. Mwana anawonjezera kuti mwina mzimayiyo kulibe n'komwe, anangomupanga.

"Ndamva," iwo anatero. "Koma dzanjalo ndi lanu, bambo."

Takhala m'banja zaka zambiri ndipo sindinawagwirepo dzanja mumsewu, ngakhale kuno kumene palibe angatiseke. Zimenezo sanazinene, koma tiyi wa tsiku limenelo ndinadzipangira ndekha.

Filimuyo inawinadi. Mwambo wake tinauonera mawa lake pa foni ya mwana. Kutsogolo kunapita abambo atatu ndi mayi mmodzi, onse ovala zakuda. Anathokoza mabanja awo, makolo awo, ndi anthu ambirimbiri ogwira ntchito pa makompyuta, nyimbo n'kuyamba kulira asanamalize. Ife ogwa pamatiresi sanatitchule, ndipo sindinadandaule.

Wodandaula anali mnzanga uja. Filimuyo anali ataionera katatu kunyumba kwake ku Beaumont Leys osadzipeza, chonsecho abale ake ku Chipata anali atawauza kalekale kuti alimo. Ku ntchito anasiya kuitchula. Kenaka Loweruka lina masana anatulukira kwathu, akuti wamva kuti akazi anga ali ndi diso, amuthandize kufufuza. Anakhala m'mphepete mwa sofa, iwo ali ndi rimoti, akuyendetsa pang'onopang'ono, kuimitsa, kubwezanso m'mbuyo. Ine anandipezanso kawiri, m'malo amene poyamba sitinaone. Iye sanaoneke.

Kumapeto kwenikweni, madzi ataphwa, pali gulu la opulumuka litaima paphiri, onse akuyang'ana kumzinda. Mnzanga anaimirira n'kuika chala pa mmodzi wa kumbuyo, wooneka msana wokha, wofunda bulangeti, phewa lakumanzere litatsika.

"Mulamu, si ndine uyu?"

Akazi anga anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Ine ndinali nditadziwa kale kuti msanawo ndi wa ndani, ndipo sindikukayika kuti iwonso anadziwa.

"Ndinudi, alamu," anatero. "Inu mwapulumuka."

Anajambula TV ndi foni yake n'kutumiza ku Chipata asanakhale n'komwe pansi. Anadya nafe, anawonjezeranso, n'kupita kukakwera basi kukali kowala. Chithunzicho chidakali pa foni yake. Kukabwera antchito atsopano amawaonetsa pa buleki, akufotokoza mmene anakwerera phirilo, ine ndili tebulo lomwelo ndikudya zanga.